Kodi Mphuno Imathamangira Kuti?

Mu 2011 akonzi a Oxford English Dictionary, buku lalikulu lija lotanthauzira mawu a Chingerezi, anamaliza kuunikanso kamneni ka zilembo zitatu, "run". Peter Gilliver, yemwe anapatsidwa ntchitoyo, anakhala nako miyezi 9, ndipo pomaliza anawerenga matanthauzo 645. Nambala yotere sikhalitsa m'kamwa mwa mnyamata amene wangotsekera kumene kusukulu ya ukachenjede ku Zomba; imamuyabwa mpaka apeze womuuza. Tiyerekeze kuti woyamba kumupeza ndi agogo ake aakazi, ali pakhonde, lichero pamiyendo, akuswa mtedza wambewu.

Mdzukulu: Agogo, lero ndikuuzeni chinthu choti mudziwe kuti Chingerezi ndi chilankhulo cholemera. Pali liwu limodzi lakuti "run". Ife timati kuthamanga, basi zathera pomwepo. Koma eni akewo, liwu limodzi lomweli lili ndi matanthauzo 645.

Agogo: Amuna anga, mwandibweretsera shuga kapena matanthauzo?

Mdzukulu: Shuga ali m'chikwama. Tamverani kaye. Munthu akamathamanga amati "run". Mtsinje ukamayenda, "run". Injini ya chigayo ikamalira, "run". Mwini golosale akamayendetsa malonda ake, akuti akuichita "run" golosaleyo. Nsalu ikamasuluka pochapa, utoto wake ukuchita "run". Chimfine chikakugwirani, mamina n'kumachucha, amati mphuno yanu ikuchita "run".

Agogo: Mphuno ikuthamanga? Ulendo wa kuti? Ine chimfine sichindiphonya nyengo yozizira, chaka ndi chaka, koma m'mawa uliwonse mphunoyi ndimaipeza pomwe ndinaisiya. Nanga golosaleyo, mwini wake akaithamangitsa, ogula mchere azikaipeza kuti? Iwe, ndalama za fodya zimene bambo ako anakulipirira sukulu zija ndiye zagula zimenezi?

Mdzukulu: Si kuthamanga kwa miyendo ayi. N'chifukwa chake ndikuti ndi chilankhulo cholemera.

Agogo: Kulemera kotani? Munthu ali ndi khasu limodzi lokha. Alimire lomwelo, akumbire manda lomwelo, apalire moto, aphere njoka, alambulire njira, lomwelo. Ameneyo kumudzi kuno timamutcha wolemera? Ndi umphawi umenewo. Azungu akowo mawu anawathera, akungobwereka limodzi lomwelo khomo ndi khomo.

Apa mkangano wafika pomwe umakonda kufika anthu akamayerekeza zilankhulo: wina akuti kuchuluka kwa matanthauzo ndi chuma, wina akuti ndi usiwa. Onse awiri aphonya, ndipo aphonyera pamodzi, chifukwa onse akuganiza kuti matanthauzo 645 aja amakhala m'kati mwa liwulo, kotero kuti Mngerezi akamva "run" amayamba wasanthula onsewo kufuna loyenera. Sizitero. Liwuli likaima lokha silinena zambiri. Chimene chimalipatsa tanthauzo ndi mawu amene layandikana nawo. Likakhala ndi mphuno likunena za chimfine, likakhala ndi injini likunena za kugwira ntchito kwa makina, likakhala ndi sitolo likunena za kuyang'anira malonda, ndipo mwana wamng'ono wa ku London sasokoneza zitatuzi ngakhale buku la ku Oxford sanalionepo. Gilliver sanavumbule zinthu zobisika m'zilembo zitatu. Anawerenga malo osiyanasiyana amene olankhula Chingerezi akhala akuliika liwuli kwa zaka zoposa 1000. Ndipo tanthauzo limene agogo aliseka kwambiri si lachilendo konse. M'Chingerezi chakale, mneni amene anabala "run" ankanena za madzi oyenda komanso za munthu wothamanga. Mamina, kunena mosapsatira, ndi madzi oyenda. Mphuno yangotchulidwa m'malo mwa zimene zikutulukamo, monga ife timanenera kuti denga likudontha pomwe chodontha ndi mvula.

Mdzukulu: Chabwino, imvani ili. Ku America munthu akafuna upulezidenti amati akuchita "run", akuuthamangira mpandowo. Ku Britain amakonda kunena kuti "stand", kuima, monga timanenera ife kuti uje waima pachisankho.

Agogo: Wina athamange, wina aime, onsewo chimene akufuna ndi kukakhala pansi. Koma a ku America ndiwo anena zoona. Amene tinamusankha kuno uja, nthawi ya kampeni ankathamanga ndithu. Maliro akachitika, iye woyamba kufika, bokosi lili pagalimoto, anamfedwa asanatumize n'komwe uthenga. Titamuvotera anathamanganso, ulendo uno cholowera kutauni, mpaka lero. Kumeneko Azungu amati chiyani?

Mdzukulu: "Run away." Kuthawa.

Agogo: Ndiye wolemba buku lakoyo anakhalapo kuno.

Mdzukulu: Palinso "run" ya kubanki. Mu September 2007 ku Britain kunamveka kuti banki ina yotchedwa Northern Rock yapempha thandizo kubanki yaikulu ya dzikolo. Anthu anagwidwa mantha, nakhamukira kunthambi zake kukatapa ndalama zawo zisanamire. Zimenezo amati "run on the bank".

Agogo: Anathamanga?

Mdzukulu: Ayi. Anaima pamzere, maola ndi maola.

Agogo: Woima pachisankho akuthamanga, woima pamzere akuthamanga. Ndiye ife amene timaima pamzere wa feteleza kuyambira tambala woyamba mpaka dzuwa kulowa ndife akatswiri a liwiro. Ukabwerera ku Zomba ukawauze atitumizire mendulo.

Mdzukulu: Ndipo m'mimba mukatsegula amati munthu ali ndi "the runs".

Agogo: Ilo lokha usavutike kundimasulira. Pamenepo pali liwiro lenileni, ndipo wothamangayo sayankha moni.

Mnyamatayu waberako pang'ono: "run" ya kubanki ndi ya m'mimba ndi mayina, si aneni, choncho sizili m'gulu la 645 lija. Komabe zikuonetsa mmene liwu limaberekera. Palibe bungwe limene linakhala pansi n'kugamula kuti mantha a osunga ndalama atchedwe chakuti; anthu anaona khamu likukhamukira kumodzi, natola liwu limene linali pafupi. Mawu amene amatoledwa chonchi ndi a tsiku ndi tsiku, osati apatali, n'chifukwa chake aneni a matanthauzo ochuluka m'Chingerezi ndi afupiafupi: "set", "go", "take", "put". M'kope lachiwiri la buku la ku Oxford lija, la mu 1989, "set" ndiye anali patsogolo ndi matanthauzo 430. Mlembi Simon Winchester, polemba mu New York Times mu 2011, anaona kuti kukwera kwa "run" kunayendera limodzi ndi kuchuluka kwa makina: sitima, injini za m'mafakitale, kenako makompyuta, omwe mapulogalamu ake nawonso amachita "run" chikhalirecho alibe mwendo. Wina angatsutse kuti zonsezo zili apo, nambala sinama: tsegulani buku la mawu a Chichewa pa "thamanga", mupeza mizere yowerengeka chabe. Koma nambala yotereyi imanena zambiri za owerengawo kuposa za chilankhulocho. Ganizo lolemba buku la ku Oxford linabadwa mu 1857, chigawo choyamba chinatuluka mu 1884, lonse linatha mu 1928, ndipo mkonzi wake wotchuka James Murray anamwalira mu 1915 asanalione litatha. Anthu miyandamiyanda ongodzipereka ankawerenga mabuku akale n'kumatumiza timapepala tokopera ziganizo, ndipo bukuli silitaya tanthauzo ngakhale litakhala kuti linasiya kumveka zaka mazana apitawo. Kwathu kuno, David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa buku lake la mawu a Chimang'anja mu 1892, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wofotokoza mawu athu m'chilankhulo chathu chomwe, unatuluka mu 2000. Ndi ntchito zolemekezeka, koma cholinga chake sichinali kutola chiganizo chilichonse cholembedwa pa zaka 1000. Kuika nambala za mabuku awiri osiyana zolinga pasikelo imodzi ndi kudzinamiza.

Mdzukulu: Mwati mawu anawathera. Sanawathere ayi. "Run" ali ndi abale ake ambiri ofanana naye tanthauzo. Pali "sprint", kuthamanga ndi mphamvu zonse kamtunda kakafupi. Pali "dash", kuthamangira chinthu mofulumira. Pali "flee", kuthawa zoopsa. Pali "trot", kamayendedwe ka hatchi, kwa munthu tingati ndawala. Pali "scamper", kuthamanga kwa ana kapena mbewa. Pali "jog".

Agogo: Ameneyo ndiye ndani?

Mdzukulu: Kuthamanga pang'onopang'ono pofuna kulimbitsa thupi. Kunatchuka m'zaka za m'ma 1960. Mphunzitsi wa othamanga wa ku New Zealand, Arthur Lydiard, ndiye ankalimbikitsa anthu wamba kutero ku Auckland, ndipo Bill Bowerman wa ku America, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya nsapato ya Nike, anakaona n'kukafalitsa kwawo.

Agogo: Akuthamanga, chomuthamangitsa palibe?

Mdzukulu: Palibe.

Agogo: Kumene akupita kuli maliro? Kuli moto? Basi ikumusiya?

Mdzukulu: Sakupita kulikonse. Amazungulira n'kubwerera kunyumba.

Agogo: Ndipo amene anafalitsa zimenezi ndi wogulitsa nsapato. Ameneyo yekha ndiye ndamumvetsa. Enawo kuno tikanawagwira n'kuwafunsa bwinobwino ngati kunyumba kuli mtendere.

Mdzukulu: Palinso "bolt", kudzambatuka n'kuthawa mwadzidzidzi, monga imachitira hatchi ikadzidzimuka. Ndiye taonani zodabwitsa: munthu waliwiro kuposa onse amene anayesedwapo pamamita 100 ndi Usain Bolt wa ku Jamaica. Mu 2009 ku Berlin anathamanga mtundawo masekondi 9.58.

Agogo: Bolt? Si bawuti ameneyo, womangira njinga?

Mdzukulu: Liwu lake ndi lomwelo. Limatanthauzanso mpiringidzo wa chitseko.

Agogo: Chinthu chogwira kuti china chisasunthe, ndi munthu wosagwirika, dzina limodzi. Iwe, usandipweteketse mutu. Ukafuna mawu a liwiro ubwere kwa ine. Wakuba akaona eni munda sathamanga, amaliyatsa. Akamva agalu, ndi phazi thandize. Mwana wotumidwa fodya ndi agogo ake okalipa amapita liwiro la mtondo wadooka. Wangongole sathamanga n'komwe, amazemba kuseri kwa nkhokwe. Wochokera kumowa amadzandira, wolasidwa ndi minga amatsimphina, mkamwini wofuna kuba nkhuku ya apongozi amanyang'ama. Nanga "jog" wakoyo angakwanitse kunyang'ama?

Funso lomalizali agogo alifunsa moseka, koma lagunda pamene pali nkhani. Mawu otchedwa ofanana matanthauzo safanana kwenikweni. Amakumana pakangodya kamodzi n'kusiyana kwina konse. "Sprint", "jog", "dash" ndi "flee" onse amakumana ndi "run" pa tanthauzo la miyendo, ndipo mazana a matanthauzo enawo sawafikako. Mphuno siichita "sprint", golosale siichitidwa "jog", mtsinje suchita "flee". Ngakhale pa miyendo pomwepo, lililonse limanyamula katundu wake: "flee" amanena kuti kumbuyo kuli choopsa, "jog" amanena kuti kulibe, "scamper" amachepetsa wothamangayo, moti kunena choncho za nduna ya boma ndi kuinyoza. Nawonso abalewa ali ndi mabanja awo: "jog" amagwiritsidwa ntchito ponena za kukumbutsa munthu chimene waiwala, "dash" ndi kamzere ka m'zolemba. Peter Mark Roget, dokotala wa ku London amene mu 1852 anatulutsa buku lake lotchuka losonkhanitsa mawu oyandikana, anawaika m'magulu potsata maganizo, kuti wolemba amene liwu lamuthawa alipeze. Sanalonjeze kuti liwu lililonse m'gulumo lingalowe m'malo mwa linzake. Mphunzitsi angayankhe kuti zimenezi n'zokoma kuzinena pakhonde, koma mwana akuyembekezera mayeso, ndipo satifiketi ya MSCE sabwera kwa wolephera Chingerezi. Nthawi ndi yochepa, mabuku ndi ochepa, mndandanda wa mawu pabolodi ndiwo njira yachidule. Kudandaulaku n'komveka. Koma njira yachidule imeneyi ndi imene imabala chiganizo chonga "my uncle sprints a grocery", cholembedwa ndi mwana wakhama amene anauzidwa kuti asabwereze liwu ndipo anakhulupirira mndandanda wake. Wochonga mayeso sampatsa malikisi chifukwa chodziwa liwu lachilendo. Amamudula chifukwa choliika posayenera. Nthawi yomweyo imene imathera kuloweza mawu khumi opanda ziganizo ingathere kuloweza ziganizo zisanu zathunthu, ndipo zisanuzo ndi zimene zingagwire ntchito m'chipinda cha mayeso.

Mdzukulu: Agogo, ndikufunseni. Malonda a mtedzawa akuyenda bwanji?

Agogo: Chaka chino sakuyenda. Mavenda akugula motchipa.

Mdzukulu: Wotchi imene ndinakugulirani ija?

Agogo: Ikuyenda, koma imatsalira.

Mdzukulu: Amalume aja anadwala mwendo?

Agogo: Achipatala akuti magazi sakuyenda bwino. Komanso mutu wawo masiku ano sukuyenda, akumaiwala mayina a ana awo omwe.

Mdzukulu: Mtsinje wa kumadimba?

Agogo: Ukuyenda, sunaphwe. Ukundifunsiranji zonsezi ngati wa kalembera?

Mdzukulu: Malonda ali ndi miyendo? Wotchi, magazi, mutu, mtsinje, zonsezi zikuyenda ulendo wa kuti? Mutu wa amalume ukanayenda, bwenzi titaupeza kuti? Khasu lanu lija ndi ili, agogo. Inunso muli nalo limodzi.

Agogo: Zimenezo n'zosiyana. Zathuzi zimamveka.

Zimamveka kwa iwo, inde, ndipo ndi momwemonso Mngerezi amamvera mphuno yake yothamanga. Mnyamatayu wapeza cholakwa cha agogo ake, koma posadziwa wagwetsanso mfundo yake yomwe, pakuti ngati kuchulukitsa matanthauzo kuli chuma ndiye kuti agogo ake akhala olemera moyo wawo wonse. Kuyerekeza "run" ndi kuthamanga kunali kulakwitsa kuyambira pachiyambi: ntchito zambiri zimene "run" amagwira m'Chingerezi, m'Chichewa amazigwira ndi kuyenda. Timayendetsa boma, mpingo, galimoto ndi mwambo wa ukwati. Alangizi amayendera minda. Munthu wosakhazikika pabanja timati ndi woyendayenda. Kusiyana kwenikweni kuli m'kapangidwe. Chingerezi chimaphatika timawu pambali: "run out" ndi kutha kwa chinthu, "run over" ndi kuponda ndi galimoto, "run into" ndi kukumana ndi munthu mosayembekezera, ndipo timawu timeneti ndi timene timagwetsa ophunzira ambiri chifukwa tanthauzo lake sungalipeze pophatikiza zidutswazo. Chichewa chimasintha mneni mwiniwakeyo: kuthamanga, kuthamangira, kuthamangitsa, kuthamangitsana, kuthamangathamanga. Wothamangitsidwa pantchito amatuluka pageti akuyenda pang'onopang'ono, kalata ili m'manja, ndipo amene akuthamangathamanga za maliro nthawi zambiri amakhala ali chikhalire akuimba mafoni. Mlendo wophunzira Chichewa akhoza kuseka zimenezi ndi mtima wonse, ndipo agogo angamuuze kuti palibe choseketsa.

Agogo: Popeza wayamba ndiwe mafunso, ndifunseko langa. Kuyambira dzulo kafoni kako kakalira ukumapita kuseri kwa khola, mawu n'kutsitsa. Amuna anga, ku Zomba kuja mukuyenda ndi ndani?

Mdzukulu: Aaa, agogo! Palibe. Ndi mnzanga chabe wa m'kalasi.

Agogo: Ine ndangofunsa za kuyenda. Mwina ndimanena za wapansi, popita kumsika. Bwanji sunayambe wasanthula matanthauzo, wangolumphira limodzi, thukuta lili kamukamu?

Mdzukulu: Pajatu m'Chingerezi namonso zilimo, amati "run around with". Ndi chitsanzo chabwino kwambiri chimenecho, chifukwa...

Agogo: Za Chingerezi tatha. Mkazi mnzangayo kwawo n'kuti? Amadziwa kusinja? Mfunda wake ndani?

Mdzukulu: Ndikatenge kaye shuga uja m'chikwama.

Agogo: Chikwama chili m'nyumba, iwe ukulowera kumsewu. Bwerera kuno! Ameneyo ndiye "jog" kapena bawuti?